Batani la Phazi

Shopu yanga mumsewu wa Santa Ifigênia
ndi yopapatiza ngati kabati:
ukatambasula manja umagunda makoma onse awiri.
Mvula ya ku São Paulo ikayamba mu Januwale
anyamata ogulitsa mawaya amathawira pakhomo panga
atafunda mapepala apulasitiki.

Tsiku lotero ndi lomwe Jurandir analowa,
bokosi atalipanira m'khwapa kumanzere,
dzanja lamanja likulendewera ngati lobwereka.
Zaka makumi atatu akuyendetsa basi ya ku Lapa,
kenaka m'mawa wina kapu ya khofi inangomupulumuka,
theka la thupi n'kupuma pantchito osamutsanzika.

M'bokosimo munali makina a gemu akalekale,
amene anali akuda, tsopano otuwa,
ndi kaseti imodzi yofufutika dzina.
"Kuyaka amayaka," anatero,
mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa,
"koma chogwirira chake chimafuna zala zazikulu ziwiri.
Ine ndatsala ndi chimodzi."

Ndinamasula masikulu asanu ndi imodzi.
M'kati munali fumbi, mphemvu youma,
ndi nyenyeswa za bisiketi, mwina zamsinkhu wanga.
Ndinatsuka ndi sipiriti ndi mswachi wotha ntchito.
Zimenezo ndi za tsiku ndi tsiku.
Chondisowetsa tulo chinali china:
kumanzere, kumanja, m'mwamba, pansi,
chala chimodzi chikwanitsa.
Nanga kudumpha adumpha ndi chiyani?

Yankho ndinachita kupunthwa nalo usiku,
ndikufuna nsapato kunsi kwa bedi:
chopondera cha makina osokera a malemu mayi anga.
Makinawo tinagulitsa chaka cha maliro,
ichi chokha wogula anachiiwala.

Ndinaboola chitini cha jamu wa magwafa,
n'kumangamo kandodo kowongolera
ndi batani la belu la pakhomo.
Chitsulo chowotcherera chitapsa
utsi wa mtovu unandilowa m'maso.
Mawaya asanu ndi anayi, owonda ngati ulusi,
uliwonse ndi khomo lake.
Wofiira ndinaulowetsa pa wachikasu.
Kamunthu ka pa kanema kanayamba kudumpha osaleka
ngati kaponda khala lamoto.
Ndinamatula. Ndinapsa chala. Ndinayambiranso.

Loweruka anabwera atapesa.
Anakhala pa kireti, navula nsapato yakumanzere.
Sokosi inali yobooka.
Phazi lomwe linkaponda kilatchi
kuyambira mbandakucha mpaka magetsi a mumsewu atayaka
linafufuza chopondera, n'kuchipeza.

Anagwera m'dzenje loyamba.
Anagweramonso.
Kachisanu ndi chiwiri anakatukwana kamunthuko
monga ankatukwanira a njinga zamoto pamphambano.
Anyamata a mawaya anadzaza pakhomo,
wina akulangiza, wina akubetcha ndalama zachitsulo.
Ine ndinkangoyang'ana chidendene,
chikunjenjemera, chikudikira,
ndiye pondee!
Kamunthu kanauluka, kanatera tsidya lina.
Anyamata anakuwa ngati chalowa chigoli.

Jurandir sanakuwe nawo.
Anaseka ndi theka la nkhope,
theka linalo likungoonerera,
ndipo patangopita masitepe atatu
chilombo chobiriwira chinamudya.

Polipira anawerenga ndalama ndi mano ndi chala.
Analoza bowo lachiwiri la makinawo,
la mnzako wosewera naye.
"Ili likugwira?"
Ndinati sindinaliyese.
"Muliyese. Mdzukulu wanga Ivone amati izi n'zamakedzana,
koma Lamulungu amabwera."

Makinawo anagona kwa ine usiku winanso.
Nditatsitsa chitseko chachitsulo
ndinapukuta bowo lija, dzimbiri linali lochepa.
Kenaka ndinavula nsapato, n'kuponda ndekha.

Kwiii.

Ndinali nditaiwala kuti chimalira.
Kulira komwe kuja kwa pakati pa usiku,
mayi akumaliza diresi ya ukwati wa eni ake,
ine ndikunamizira kugona.

Botolo la mafuta linali pomwepo pathebulo.
Sindinathire.